Njira Zakale ndi Njinga m'Dziko la Mfumu Mphamba

Njira zimene njinga zimayendamo lero m'dziko la Mfumu Mphamba, kuyambira pa boma la Lundazi kufikira kumidzi ya m'mphepete mwa madambo, ndiponso kutsikira kuchigwa cha Luangwa kumene akuluakulu amakutcha ku Malambo, sizinalambulidwe ndi mzungu kapena kuyesedwa ndi chingwe cha boma, koma zinapondedwa ndi mapazi a makolo athu zaka zosawerengeka chitsulo cha magudumu awiri chisanaoneke kuno. Munthu woyenda pansi, makamaka iye wosenza mtolo pamutu, sakonda chitunda ndipo satalikirana ndi madzi. Chifukwa chake njira zakale zinkatsata mitsinje, zinkazungulira phiri m'malo molikwera, zinkalambalala chulu ndi chitsa, ndipo zinkaoloka pamene mchenga uli wolimba ndi ng'ona zili zochepa. Pamene njinga inafika inapeza ntchito yonseyi itatha kale, pakuti njira yokomera mayi wosenza dengu la mawere ndi yomweyonso yokomera munthu wopalasa; ndipo ichi ndicho chinachititsa kuti njinga izolowere msanga pakati pathu kuposa galimoto, imene kufikira lero ilipo midzi yambiri kumene sinafikeko.

Dziko lino ndi la mitundu yosanganikirana. Kumtunda kuno, kumene mtsinje wa Lundazi uchokera kufupi ndi malire a Malawi nuyenda chakumadzulo kukathira m'Luangwa, kuli Atumbuka a Mfumu Mphamba, amene chaka ndi chaka amasonkhana pa mwambo wa Kulonga kuyamika chifukwa cha zokolola. Kuli Achewa a Mfumu Yaikulu Mwase, ndi anthu a Magodi chakumpoto. Ndipo kunsi kuchigwa kuli maiko a Kazembe, Chitungulu ndi Mwanya, ndi Asenga a ku Chama. Wakumtunda ankafuna nsomba youma ndi nyama ya kuchigwa, wakuchigwa ankakwera kudzasuma chaka cha chilala kapena cha madzi osefukira, ndipo chibale cha maukwati chinkamanga onsewo. Alendo akutali nawonso anaponda njira za chigwa chimenechi: Mpwitikizi wina dzina lake Lacerda anachoka ku Tete mu 1798 naoloka Luangwa pa ulendo wake wa kwa Mwata Kazembe wa ku Luapula, amene si Kazembe wathu wa kuchigwa, Monteiro ndi Gamitto anamtsata mu 1831, ndipo David Livingstone anaoloka mtsinje womwewo mu December 1866. Masiku a nkhondo za Angoni munthu sankayenda yekha, midzi inadzitsekera m'malinga, ndipo njira zina zinamera udzu. Koma madzi saiwala khwawa, ndipo mtendere utabwera mapazi anabwerera momwe ankapita kale.

Za kupangidwa kwa njinga sindidzachulukitsa mawu. Karl Drais wa ku Germany anapanga mu 1817 chamatabwa chimene wokwera ankachikankha ndi mapazi pansi; John Kemp Starley wa ku Coventry anatulutsa mu 1885 njinga ya magudumu olingana ndi tcheni, yofanana ndi imene tiidziwa; ndipo John Boyd Dunlop anaiveka matayala a mpweya mu 1888. Kotero pamene asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, nakhazika likulu lawo pa Fort Jameson, pamene lero pali Chipata, njinga inali chinthu chatsopano ngakhale kwawo komwe.

Atsamunda oyamba ankanyamulidwa pa machila, ndipo iwo amene agogo awo anasenzapo mtengo wa machila paphewa, akuthamanga ndi kuimba kuti bwana asakwiye, adziwa kuti ulendo wotere unali wolemetsa anthu ambiri chifukwa cha munthu mmodzi. Kavalo sakanathandiza, pakuti kashembe wa m'chigwa ankapha akavalo ndi ng'ombe zomwe. Ndipo boma loyamba la dera lino linali kunsi komweko, ku Nawalia, lisanasamukire kumtunda ku Lundazi. Njinga inakhala bulu amene kashembe sangamulume, wosafuna msipu kapena mbusa. Mabwana a boma anaikonda, nalamula mafumu kuti anthu awo azilambula njira ndi makasu chaka chilichonse mvula ikatha, kuzula zitsa ndi kuyala mitengo pa timakwawa. Ndipo tisabise kuti ntchito imeneyi inali yokakamiza, ndi kuti pachitunda panali mnyamata wothamanga pambuyo kukankha bwana. Awiri a mabwana a dziko lino, Frank Melland ndi Edward Cholmeley, popita kwawo kukapuma mu 1910, anayenda panjinga ndi pansi kuchokera ku Northern Rhodesia kudzera kunyanja zazikulu kufikira ku Egypt, nalemba buku la ulendowo. Izi zionetsa kuti njira za makolo zinali zolumikizana kuchokera mudzi kufikira mudzi kudutsa Africa yense, wina aliyense asanaganize za msewu wa phula.

Amishoni anatsata. Donald Fraser wa mishoni ya Livingstonia, amene anamanga Loudon ku Embangweni mu 1902 kutsidya kwa malire, anatumiza aphunzitsi ndi alaliki kumidzi ya kuno ndi ku Malambo, ndipo mu 1922 kunatsegulidwa mishoni ya Chasefu. Pambuyo pake ansembe a Katolika anakhazikika ku Lumezi ndi ku Kanyanga. Mwa anthu akuda, oyamba kuoneka panjinga anali a ntchito zotere: woyendera sukulu, mlaliki, kalaliki wa boma, mesenjala wa chipewa chofiira.

Koma njinga sinalowe m'mudzi ndi mzungu. Inalowa ndi mwana wa m'mudzi momwemo, ndipo khomo lake linali msonkho. Kuyambira cha m'ma 1901 nyumba iliyonse inayenera kupereka mashiling'i 3 pachaka, ndipo popeza kuno kunalibe mgodi kapena munda wa mzungu wokwanira kulemba anthu onse, amuna ananyamuka ulendo wa pansi wa milungu yambiri, ena ku Salisbury ndi ku minda ya fodya ya Southern Rhodesia, ena ku malasha a ku Wankie, ena ku Joni, ena ku golide wa ku Lupa m'dziko la Tanganyika, ndipo pambuyo pake ambiri ku migodi ya mkuwa ya ku Nkana, Luanshya, Mufulira ndi Nchanga. Ena sanabwerenso, natchedwa machona. Koma iye amene anabwera, ngati Mulungu anamkomera mtima ndipo mowa wa m'komboni sunamdye, ankabwera ndi bokosi lachitsulo, bulangete, nsalu za amayi ake ndi za apongozi, kapena makina osokera a Singer, ndipo pamwamba pa zonse njinga yakuda yonyezimira, Raleigh kapena Humber, Hercules kapena Phillips, imene anaigula ndi thukuta la zaka ziwiri kapena zitatu. Tsiku lofika iye ana ankathamangira belu asanaone munthu, amayi ankalulutira, ndipo madzulo njingayo inkalowetsedwa m'nyumba kukagona pamodzi ndi mwini wake, kuopa mame ndi maso a anthu. Mwini ankaipukuta ndi kansanza m'mawa uliwonse, ankaimangirira magalasi awiri ndi timaluwa ta ulusi m'masipoko, ndipo wobwereka ankayamba wakhala pansi, kupereka moni wonse ndi kufotokoza bwino za matenda kapena maliro amene amfulumizitsa, asanatchule chimene wadzera. Mnyamata wokhala ndi njinga sankavutika kupeza mbeta, ndipo ankhoswe ankadziwa zimenezi.

Boma silinachedwe kuona kuti pamenepa pali ndalama. Mafumu atapatsidwa mabwalo awo ndi lamulo la 1929, ndi matumba awo a chuma mu 1936, njinga inayamba kulipiridwa laisensi pamodzi ndi mfuti ndi galu, ndipo kachitsulo ka laisensiyo kankamangidwa panjinga pomwepo kuti kapaso wa mfumu akaone. Amwenye a masitolo a ku Fort Jameson anayamba kusunga machubu, matayala ndi masipoko. Ndipo mlimi wa mtedza wa Chalimbana, atagulitsa matumba ake, anatha kugula njinga osapita ku Salisbury. M'masiku amene bwanamkubwa Errol Button ankamangitsa nyumba ya alendo ija yooneka ngati linga la mafumu a ku Ulaya, imene iimabe pambali pa damu la Lundazi chiyambire kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, alendo ogonamo ankafika pagalimoto, koma anthu a dziko ankafika pa boma panjinga kapena pansi.

Tsono ndifotokoze ulendo wa ku Malambo monga umayendedwera, pakuti pamenepa ndi pamene njinga ionetsa ulemerero wake wonse. Nyengo yake ndi kuyambira June kufikira October, mitsinje itaphwa. Munthu amanyamuka tambala woyamba atalira, atamanga pakeliyala ufa, kapoto, mpope, guluu ndi zigamba, zonse zokulungidwa ndi malegeni odulidwa ku chubu chakale. Kumtunda njira imapita m'mbali mwa madambo, pakati pa madimba a mpiru ndi nzimbe, ndipo ndi yopapatiza kotero kuti udzu umakwapula maondo mbali zonse ziwiri. Pokumana ndi mnzake wina amatsika, ndipo wamng'ono ndiye atsika, pakuti kupitirira munthu wamkulu uli pachishalo osatsitsa phazi ndi mwano umene ngakhale lero sukhululukidwa msanga. Pofika pamaterezi otsikira kuchigwa wanzeru amatsika nayendetsa njinga ndi manja, chifukwa mabuleki a ndodo sagwira katundu wolemera pamiyala. Ndipo akatsika, taonani dziko lasintha: lathyathyathya ngati bwalo, la mitengo ya tsanya yoima patalipatali, lotentha, lachete, lopanda fumbi la galimoto kapena kulira kwa hutala, kotero kuti munthu amamva kulira kwa tcheni chake ndi kwa njiwa zokha. Njira imatsata mtsinje, nthawi zina pagombe penipeni pansi pa mithunzi ya mitengo ikuluikulu, nthawi zina kutali pang'ono kuthawa matope. Pa mtsinje wouma amasenza njinga paphewa kuoloka mchenga, ndipo pakati pa mchengawo amafukula kachitsime ndi manja namwa madzi ozizira.

Koma asanyengedwe wina kuganiza kuti ndi ulendo wa maseŵera. Dothi lakuda la makande, limene njovu ndi njati zinapondaponda m'dzinja, limauma ndi maenje ake onse, ndipo limagwedeza munthu mpaka mano. Minga imaboola chubu kawiri kapena katatu dzuwa lisanapendeke. Kashembe amatsata msana wa wopalasa ndi kuluma kupyola malaya. Pafupi ndi nkhalango za Luambe ndi Lukusuzi njira ndi ya anthu ndi njovu pamodzi, ndipo wodziwa amayang'ana ndowe ngati ili yofunda, amaona kumene mphepo ikuchokera, ndipo amafunsa pamudzi uliwonse za m'tsogolo, pokumbukira kuti safunsa anadya phula. Mvula ikagwa makande amamatirira pagudumu mpaka lileka kuzungulira, ndipo pamenepo njinga ndiyo ikwera munthu. Komabe miyezi imeneyo, pamene galimoto siyesa n'komwe kulowa m'chigwa, mpunga wa ku Chama, nsomba youma, mchere, sopo ndi makalata zakhala zikuyenda pa magudumu awiri ndi pabwato. Ndipo wodwala wokhazikidwa pakeliyala, atagwiriziridwa ndi mbale wake woyenda pambali, wafika kuchipatala cha Lumezi kapena cha Lundazi mwa njira yomweyo. Ngakhale mtembo wokulungidwa mumphasa njinga yaunyamula kuubweza kwawo, ndipo palibe amene anaiyesa ntchito yonyazitsa.

Njira zomwezi zinanyamulanso zoŵaŵa. M'zaka za m'ma 1950 anthu ambirimbiri a dera la Lundazi anaoloka Luangwa, ena pansi ena panjinga, kupita ku Kasomo m'boma la Chinsali kukamva Alice Lenshina wa mpingo wa Lumpa. Ndipo pa 3 August 1964, patatsala miyezi yosakwana itatu kuti dziko lilandire ufulu, mkangano wa mpingowo ndi chipani cha UNIP unakhetsa mwazi wambiri pa boma la Lundazi ndi m'midzi yozungulira. Okalamba athu sakonda kuikamba nkhani imeneyi, ndipo ine sindidzaikamba kuposa apa.

Ufulu utabwera, boma la Kenneth Kaunda linafuna kuti chigawo chilichonse chikhale ndi fakitale yake: Mansa inalandira ya mabatire, Kapiri Mposhi ya magalasi, Livingstone yolumikiza magalimoto, Mwinilunga ya zinanazi, ndipo ife a kum'mawa, monga kunayenera, tinalandira ya njinga. Luangwa Industries ya ku Chipata inkatulutsa njinga za Eagle, ndipo dzina limeneli likumbukikabe m'midzi, ngakhale fakitaleyo inagulitsidwa kwa kampani ya Tata m'zaka za m'ma 1990 ndipo ulemerero wake unazilala pamene njinga zotchipa za ku India ndi ku China zinadzaza masitolo. Zaka za kusowa kwa zinthu, mtengo wa mkuwa utagwa, ndizo zinaphunzitsa anthu athu luso limene sukulu iliyonse sikanawaphunzitsa. Chubu chikasowa ankapakira udzu m'tayala. Tayala likang'ambika ankalisoka ndi chingwe nalikulunga ndi malegeni. Pedulo ikatha ankapalasa pachitsulo chokhachokha. Wokonza njinga wa pansi pa mtengo wa mango, amene mudzampeza lero lomwe pamsika uliwonse kuyambira pa boma kufikira ku Lusuntha, ndiye mwana wa zaka zimenezo. Amagadamiza njinga pachishalo ndi mahandulo, amatulutsa chubu ndi supuni ziwiri zakale, amachipopa nachimiza m'beseni la madzi akuda pang'onopang'ono kufikira timathovu tionetsa pobooka. Pamenepo amapala ndi kamwala, amapaka guluu ndi chala, amadikira kuti aume akucheza za mtengo wa feteleza, ndipo pomaliza amamenya chigamba ndi chigwiriro cha sipanala. Gudumu lopindika amaliwongola ndi khutu ndi diso, akumanga sipoko iyi ndi kumasula iyo. Ndiyesa kuti munthu ameneyu wathandiza malonda a dera lino koposa ambiri amene maina awo analembedwa pamiyala ya maziko.

M'zaka zaposachedwa mabungwe azindikira chimene mudzi unkadziwa kale. Makampani a thonje amayendetsa alangizi awo panjinga. Bungwe la COMACO, limene Dale Lewis anayambitsa mu 2003 ndipo linayamba kugula zokolola kuno ku Lundazi, linadalira alimi otsogolera oyenda mudzi ndi mudzi kukopa osaka nyama kuti atule mfuti ndi misampha. Bungwe la World Bicycle Relief, lobadwa mu 2005, linagawa m'Zambia njinga 23,000 kwa anthu odzipereka osamalira odwala Edzi m'makomo, ndipo m'ntchito imeneyo munatuluka njinga yolimba ya Buffalo. Ndipo a Zambikes a ku Lusaka anapanga kangolo kokokedwa ndi njinga konyamulira odwala ndi amayi apakati. Chosintha chachikulu koposa, m'kuona kwanga, ndi chakuti njinga inaleka kukhala ya bambo yekha. Mayi wa chitenje chake, mwana kumsana, thumba la nyemba za Lundazi pakeliyala, salinso chodabwitsa kwa wina aliyense.

Tsono imvani chimene chichitika kutsidya kwa nyanja. Kumeneko anthu anakumba ngalande zazikulu zoyendamo mabwato a katundu, monga Canal du Midi ya ku France, yotalika makilomita 240, imene inatsegulidwa mu 1681, ndi zambiri za ku England ndi ku Netherlands. Ndipo m'mbali mwa ngalande iliyonse munali kanjira ka akavalo okoka mabwatowo ndi chingwe. Sitima ya pamtunda italanda malonda, tinjirato tinasiyidwa. Koma magalimoto atachuluka kufikira kuopsa moyo, anthu anatikumbukira, natikonza kuti tikhale ta njinga ndi oyenda pansi okha. Ku Netherlands, kumene mu 1971 anthu oposa 3,000 anafa pamisewu, mwa iwo ana oposa 400, makolo anaima m'misewu kudandaula kufikira boma linayamba kupatula njira za njinga. Lero anthu amalipira ndalama zambiri kuti apalase masiku angapo m'mbali mwa mtsinje wa Danube, makilomita oposa 300 kuchokera ku Passau kufikira ku Vienna, popanda chitunda ndi popanda galimoto, akugona m'nyumba za alendo ndi kudya m'midzi. Ife ngalande zotere tilibe kuno. M'Zambia muno Litunga Lewanika wa ku Bulozi anakumbitsa ngalande za mabwato, koma ndi dziko lina lakutali ndi ife. Koma chimene iwo achifuna ndi ndalama, ndicho njira yachete yotsata madzi m'dziko losalala, ife tinachilandira kwa makolo kwaulere. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo apalasa kuti apumule, ife tipalasa kuti tidye. Ndipo mlendo amene asirira bata la njira zathu akumbukire kuti mayi wobereka panjira yopita kuchipatala akanakonda msewu ndi ambulansi. Alendo opalasa amafika ndithu m'chigawo chathu, pakuti ulendo wa Tour d'Afrique, umene unayamba mu 2003 kuchokera ku Cairo kufikira ku Cape Town, umadzera pa Chipata. Koma amatsata msewu waukulu wa ku Lusaka pakati pa malole, osadziwa kuti makilomita 180 chakumpoto kuli njira zimene akanazikonda koposa.

Sindili wa iwo amene amanyoza msewu wa phula, pakuti tinaulira zaka zambiri, ndipo walira mvula walira matope. Chimene ndidandaula n'chakuti pomanga misewu yathu palibe amene amawerengera wopalasa, ngakhale iye ndiye wochuluka pamsewupo kuposa onse. Lole ya thonje kapena ya chimanga ikaliza hutala, bambo wa matumba atatu pakeliyala alibe kothawira koma m'ngalande. Njinga zamoto, zimene zachuluka zaka zino, zalowa ngakhale m'tinjira ta m'madambo ndi liwiro losayenera pamene ana ndi nkhalamba ayenda. Otentha makala adula mitengo imene inkapatsa apaulendo mthunzi. Ndipo alimi ena, posowa malo, alima mizere yawo kudutsa njira imene agogo awo ankapitira kumaliro. Milatho ikakokoloka m'dzinja, monga yachitira kangapo pafupi ndi boma, magalimoto amaima mizere tsidya ndi tsidya, ndipo katundu wa dera lonse amaolokanso pamapewa ndi panjinga monga kale.

Mu 2018 dera lakale la Lundazi linagawidwa patatu, kukhala Lundazi, Lumezi ndi Chasefu, ndipo njira imodzi yochokera kwa Mphamba kutsikira ku Luangwa tsopano ipyola m'manja mwa makhonsolo osiyana. Chifukwa chake ndipempha mwaulemu mafumu athu, a Mphamba, a Mwase, a Magodi ndi anzawo a kuchigwa, pamodzi ndi nduna zawo ndi anyakwawa, kuti pogawa minda azisiya njira zakale zosalimidwa ndi mitengo ya m'mbali mwa mitsinje yosadulidwa. Ndipempha makhonsolo atatuwo kuti pa ndalama za chitukuko apatuleko zomangira timilatho ta pamakwawa, ndi kuti msewu uliwonse watsopano ukhale ndi mpata wa njinga m'mbali mwake. Ndipo inu achinyamata amene muli ndi agogo amoyo, khalani nawo pansi chilimwe chino, muwafunse madoko ndi zitsime za njira ya ku Malambo ndi maina ake, ndipo muzilembe.